Bwalo la Mabuku: Buku la Mtsikana Wachialubino, Tiwapatse Ana Kapena Ayi?

WOWULUTSA: Lino ndi Bwalo la Mabuku, pomwe timayankha makalata anu. Amayi athu oyankha mafunso, amene anaphunzitsa ana zaka zambiri asanakagwire ntchito ku laibulale, akhala kale pampando. 

AMAYI:  Tiyeni tiyambepo, makalata achuluka lero.

WOWULUTSA: Yoyamba yachokera ku Balaka, kwa mnyamata wa Fomu 3. Akuti: "Aphunzitsi atiuza kuti tilembe ndemanga ya buku lomwe tawerenga. Kodi ndifotokoze nkhani yonse mpaka pothera?"

AMAYI: Ayi mwana wanga, mathero usaulule. Lemba dzina la buku, mlembi wake ndi chaka chomwe linatuluka. Utiuze kuti mtengambali wamkulu ndani, akufuna chiyani, ndipo chikumutchinga n'chiyani. Ukatero unene zakukhosi kwako: ndi pati pomwe unalephera kulitula pansi bukulo, ndi pati pomwe unayamba kuyasamula, ndipo chifukwa chiyani. Tsamba limodzi lakwana. Tipitirire.

WOWULUTSA: Bambo ena a ku Mchinji akuti: "Ndapeza mwana wanga akuwerenga Harry Potter. Ndamva kuti ndi buku la ufiti. Ndilitenthe?"

AMAYI: Funso ili silitha mwezi lisanabwerenso. Bambo, mwati mwamva. Mwamva kwa yani? Iwowo analiwerenga? Musatenthe buku lomwe simunalitsegule. Tonsefe tinakulira nthano za kalulu wolankhula, ndipo ambiri tinawerenga kusukulu Sikusinja ndi Gwenembe la a J.W. Gwengwe, momwe mbalame imaimba n'kuulula munthu amene wapha m'bale wake. Palibe wa ife amene anatuluka m'kalasi akuyembekezera kuti mbalame ikaperekera umboni pabwalo la amfumu. Tinatolapo zoti magazi a munthu sabisika. C.S. Lewis, amene mu 1950 anatulutsa buku loyamba la nkhani za ku Narnia, lokhala ndi mfiti komanso mkango wolankhula, anali Mkhristu wodziwika wolemba mabuku a chikhulupiriro. Werengani mitu itatu yoyambirira, kenako mumufunse mwanayo kuti wabwino ndani, woipa ndani. Mukaona kuti mtima wanu sukulolabe, pakhomo ndi panu, kalibwezeni komwe linachokera.

WOWULUTSA: Iyi ndi yaitali pang'ono. Yachokera kwa aphunzitsi aakazi a pasukulu ina ya sekondale ku Machinga. Akuti: "Kalabu yathu yowerenga yalandira mabuku, ndipo limodzi ndi Akata Witch la Nnedi Okorafor. Pachikuto alemba kuti ndi nkhani ya mtsikana wachialubino amene ali ndi mphamvu zamatsenga. M'kalabumo ndili ndi mtsikana wachialubino. Ndiwapatse ana bukuli, kapena ndilibise?"

AMAYI: Aphunzitsi, zikomo kwambiri chifukwa chofunsa musanagawe. Apa ndiye mundilole ndikhalitsepo, bambo, chifukwa bukuli ndimalidziwa ndipo nkhaniyi imandikhudza.

Ndiyambe ndi bukulo. Linatuluka mu 2011 ku America, ndipo ku Nigeria linasindikizidwanso ndi dzina lakuti What Sunny Saw in the Flames. Mtengambali wamkulu ndi Sunny, wa zaka 12, wobadwira ku New York koma akukhala ndi makolo ake ku Nigeria, m'dera la Aigbo. Kusukulu amamunena chifukwa cha khungu lake, amamunenanso chifukwa chobadwira kunja. Mpira amautha kuposa anyamata ambiri, koma masana sangasewere chifukwa dzuwa limamuwotcha. Nkhani imayamba usiku magetsi atathima. Sunny wayatsa kandulo, akuyang'anitsitsa lawi, ndipo m'lawimo akuona chinthu choopsa chomwe chikudza padziko. Akusendera pafupi kuti aonetsetse, mpaka tsitsi lake likugwira moto. Mwana aliyense wa kuno amene anawerengerapo mayeso pakandulo, tsamba limeneli limamugwira nthawi yomweyo.

Kenako Sunny akupeza anzake atatu, Orlu, Chichi ndi Sasha, amene akumulowetsa m'gulu la anthu obisika okhala ndi sukulu zawo, msika wawo ndi malamulo awo. Chomwe ine chimandikondweretsa kwambiri ndi ndalama zawo. Ndalamazo sazipeza pogulitsa kanthu. Munthu akaphunzira chinthu chatsopano, tizitsulo topindika timagwa tokha pamapazi pake, ndipo tamkuwa ndiye tamtengo wapatali kuposa tagolide. Wolemekezeka kwambiri kumeneko ndi mayi wokalamba woyang'anira laibulale. Ndiuzeni mphunzitsi amene sangafune kuti ana ake amve zimenezo. Chinanso, chimene anthu wamba amachiona ngati chilema, m'dziko limenelo ndiye pogona mphatso ya munthu. Orlu ankavutika kuwerenga chifukwa zilembo zinkamusokonekera, koma ndi iye amene amatha kumasula matsenga oipa omwe ena amanga.

Ndiye bukuli ndi lokoma, limathamanga, ndipo mtsikanayo ali ndi pakamwa pake ndi nzeru zake, sakhalira kumvetsa chisoni. Koma ndemanga yoona siithera pa kuyamikira. Pali zinthu ziwiri zomwe wowerenga wa kuno sangazidumphe.

Choyamba, Sunny atalowa m'gululo, dzuwa limasiya kumuwotcha, mpaka akusewera mpira pabwalo masanasana. M'nthano zimenezo n'zotheka. Kunja kuno ayi. Mwana wachialubino afunika chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu tsiku lililonse, chifukwa khansa ya pakhungu ndiyo ikutha anzathuwa mwakachetechete. Mphunzitsi anene zimenezi poyera, mwana asadzayese kutengera Sunny pa nthawi yopuma.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Buku ili likuika pamodzi mawu awiri omwe kuno kwathu takhala tikulimbana kuti tiwalekanitse: chialubino ndi matsenga. Mukudziwa nonse zomwe zakhala zikuchitika kuyambira 2014, anthu kubedwa, kuphedwa, manda kufukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zimabweretsa chuma. Ku Machinga komwe kwachokera kalatayi, anthu analira maliro otere. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno muli anthu achialubino oposa 134,000. Onsewo ndi anthu ngati inu ndi ine. Chialubino mwana amachitengera ku magazi a bambo ndi mayi omwe, thupi lake silipanga mokwanira chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso, basi. Mafupa ake alibe mphamvu iliyonse, alibe golide, alibe mwayi wa bizinesi. Ndimanena sabata ndi sabata ndipo sindidzatopa.

Tsono kodi mlembiyu walakwa? Tisamuweruze mopupuluma. M'bukumo ana onse anayi ali ndi mphamvu, ndipo atatuwo si achialubino. Mphamvu za Sunny zachokera kumtundu, kwa agogo ake aakazi. Ndipo woipa m'nkhaniyi ndani? Ndi munthu wachuma amene amaba ana n'kuwadula ziwalo pofuna mphamvu. Ndiye kuti bukuli likudzudzula mchitidwe womwewo umene ukutiliza kuno. Vuto ndi lakuti mwana wa zaka 12 akawerenga yekha, wopanda womufunsa mafunso, akhoza kutolapo kachidutswa kolakwika, mawa n'kumakaloza mnzake kuti uyu amatha kuzimiririka.

Apa ndi pamene ndimadandaula ndi ife akuluakulu. Katoni ya mabuku ikafika pasukulu, timajambulitsa zithunzi, timathokoza opereka, kenako timagawa osatsegula ngakhale limodzi. Kapena timakiyira m'kabati kuti angang'ambike, chiswe n'kumadya. Phala la mwana mayi amayamba walawa kuti aone ngati lazizira. Buku nalonso, lawani kaye. Ndinafikapo pasukulu ina pomwe ana a Sitandade 4 anapatsidwa mabuku oyenera ophunzira a ku koleji, aphunzitsi n'kumadabwa kuti ana a masiku ano sakonda kuwerenga. Anawo analibe mlandu.

Ndiye aphunzitsi a ku Machinga, yankho langa ndi ili. Musalibise. Liwerengeni nokha mpaka kumapeto. Mukatha, muitaneni mtsikanayo pambali, mumufotokozere zomwe zili m'bukumo, ndipo ngati akufuna ayambe ndi iye kuliwerenga. Iye ndiye akuuzeni ngati ali womasuka kuti kalabu yonse ilikambirane. Akakana, lemekezani. Akalola, musamusandutse chitsanzo, aliyense n'kumacheukira kwa iye dzina la Sunny likatchulidwa. Ndipo kumbukirani kuti maso ake amavutika ndi zilembo zing'onozing'ono, mumupatse nthawi yokwanira ndi malo owala bwino koma opanda dzuwa lomuthobwa. Muwauzenso anawo za a Overstone Kondowe, amene mu 2021 anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ku Nkhotakota, woyamba wachialubino m'dziko muno. Amenewo anafika pamenepo ndi sukulu komanso kulimba mtima. Bukuli ndi la ana oyambira zaka 12 kupita m'tsogolo. Aang'ono musawapatse, muli malo oopsa.

WOWULUTSA: Amayi, nthawi ikuthamanga, koma kalata iyi ikugwirizana ndi zomwe mwanenazi. Mnyamata wina amene akuphunzira ntchito pawailesi ya m'dera ku Mzimba akuti: "Ndikufuna kuyamba kucheza ndi alembi a mabuku a ana. Ndiziwafunsa chiyani?"

AMAYI: Achimwene, lamulo loyamba ndi lomwe lija: werengani bukulo. Ndinamverapo mtolankhani wina akuyamba kucheza ndi mlembi ponena kuti, tatiuzeni, buku lanuli likukamba za chiyani. Mlembiyo anayankha mwaulemu, koma mawu ake anazizira, ndipo machezawo anathera pomwepo ngakhale anapitirira mphindi zambiri. Munthu watha zaka akulemba, inu simunathe ngakhale madzulo amodzi.

Lachiwiri, dziwani mbiri yake kuti musamufunse zomwe wayankha kambirimbiri. Titenge Okorafor yemweyu. Anabadwa mu 1974 ku Cincinnati, ku America, kwa makolo ochokera ku Nigeria. Anali katswiri wa tenesi ndi mpikisano wothamanga. Ali ndi zaka 19 anamuchita opaleshoni yowongola msana, ndipo atadzuka anapeza kuti miyendo sikugwira ntchito. Ali chigonere m'chipatala ndi pamene anayamba kulemba nkhani, ndipo pambuyo pake anaphunziranso kuyenda. Zimenezi anazilemba yekha m'buku la mbiri yake la mu 2019. Ndiye mukamufunsa kuti munayamba bwanji kulemba, mwataya funso. Mufunseni kuti, mayi wa ku laibulale m'buku lanu nayenso ali ndi msana wopindika, kodi munaikamo chiyani cha inu mwini? Mufunseni za dzina la woipa uja, Otokoto, lomwe limakumbutsa zipolowe za mu 1996 mumzinda wa Owerri, pomwe anthu anakwiya ndi kuphedwa kwa mwana pa zifukwa za zizimba. Ndipo mufunseni funso lathu la kuno: mukanadziwa kuti bukuli lidzawerengedwa m'mudzi momwe mwana wachialubino amaperekezedwa popita kusukulu chifukwa cha mantha, mukanasintha chiyani? Funso limenelo ndi laulemu, ndipo ndi inu nokha wa kuno amene mungalifunse. Musamutchule kuti analemba Harry Potter wa ku Nigeria, iye mwini sakondwera nako kufanizira kotero. Mukafunsa, khalani chete mumvetsere, chifukwa funso lanu lotsatira lili m'yankho lakelo, osati papepala panu. Ndipo musanapite, funsani ana awiri atatu amene awerenga bukulo kuti iwo akanafunsa chiyani. Mafunso a ana amalasa.

WOWULUTSA: Yomaliza, mwachidule. Mayi ena a ku Ntcheu akuti alemba nthano yaitali ya ana m'Chichewa, ya mtsikana amene analowa m'phanga n'kupeza mudzi wa mizimu. Akufunsa kuti aipereke kwa yani kuti aiunike.

AMAYI: Mayi, mwachita bwino, ndipo musaleke. Yambani ndi mwana amene si wanu, woti sangaope kukuuzani zoona. Mu 1936 wosindikiza mabuku wina wa ku London, Stanley Unwin, anapatsa mwana wake Rayner wa zaka 10 zolemba za J.R.R. Tolkien kuti aziunike, n'kumulipira shilingi imodzi. Mwanayo anavomereza, The Hobbit linatuluka mu 1937, ndipo likuwerengedwa mpaka lero. Muwerengereni mwanayo mokweza, muone pomwe akuyamba kuyang'ana panja, pamenepo ndi pofunika kukonza. Mukatero kafunseni ku bungwe la alembi la Malawi Writers Union kapena ku National Library Service kuti akulozereni njira. Ana athu akusowa nkhani zodabwitsa za m'chilankhulo chawo, zochitikira m'mapiri ndi m'madambo omwe amawadziwa.

WOWULUTSA:  Mawu otsiriza kwa omvera?

AMAYI: Makolo ndi aphunzitsi, sabata ino tengani buku limodzi lomwe mwana wanu akuwerenga, muliwerenge inunso, kenako mukhale naye pansi mumufunse zomwe watolamo. Mutilembere zomwe akuuzeni, tidzaziwerenga pano sabata yamawa.