Kanema Wothimathima wa M'boti la Alamu

Ku Malomo kulibe nyanja, koma ndalama za fodya wa ku Malomo zimafika panyanja. Alimi ena a m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, fodya akayenda bwino ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, amatsetserekera ku Nkhotakota ndi ku Salima kukagula boti, injini ndi chilimira, n'kusiyira wachibale kuti aziyang'anira alovi. Iwo amabwerera kukafesa nazale, za pamadzi n'kumazimvera pafoni.

Bambo wina wa kumeneko anachita zomwezi. Boti analisiya pa doko lina kufupi ndi Chia m'manja mwa mlamu wake. Chaka chotsatira mphwake wa ku Johannesburg anamutumizira fish finder, kachipangizo koonetsa pamene pali nsomba. Kali ndi mbali ziwiri: ina imamangidwa kunsi kwa boti n'kumaponya mawu m'madzi, mawuwo akagunda gulu la utaka kapena pansi pa nyanja amabwerera, ndipo inayo imajambula zimenezo pagalasi. Nzeruyi si yachilendo kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 sitima ya kafukufuku yotchedwa Usipa, ya ku Senga Bay, inkayeza kuchuluka kwa nsomba m'nyanjayi mwa njira yomweyi. Alovi sanavutike ndi dzina, anangoti kanema.

Kanemayo anafika ndi chingwe chake: waya wofiira, waya wakuda, ndi kafyuzi ka 3 amps pa wofiirawo. Chingwecho chinaperewera. Bwana, mwini boti uja, sanaone chifukwa chogulira waya wina pamene kunyumba kunali wa masipika a wailesi yakale. Anapota nsonga ndi zala, n'kukulunga ndi zidutswa za jumbo. Batire anachotsa la pikapu yake, limene linali litayamba kale kuvuta kuliza galimoto m'mawa wa Juni, n'kulamula kuti nyali za usipa zizitchajidwanso pomwepo.

Masiku oyamba zinayenda. Kenako foni inayamba kulira usiku.

"Alamu, kanema uja wayamba kuphethira. Tikangolumikiza nyali akuthima."

"Mwamuviika m'madzi inu. Chinthu chatsopano chingathime bwanji?"

"Ayi alamu, madzi sanamukhudze. Anyamata akuti mwina alipo watichita chipongwe pa doko pano."

Onse awiri ankayang'ana kolakwika, wina kwa alovi, wina kwa anansi. Chipangizo chikamayaka bwino kenako n'kuthima pamene china chayamba kukoka moto, woyamba kumufunsa ndi batire, wachiwiri ndi njira imene motowo ukudutsa. Kanema weniweniyo amabwera pomalizira, ndipo nthawi zambiri mlandu sufika n'komwe kwa iye.

Kufunsako kumafuna kamita koyezera moto, kamene wokonza mawailesi aliyense pa Mponela ali nako. Batire la asidi lodzaza, litapuma maola angapo chilichotsere potchaja, limaonetsa 12.6 volts kapena kupitirira pang'ono. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala pafupifupi theka. Koma batire lokalamba ndi lachinyengo: lili chikhalire limaonetsa nambala yabwino, ukalisenzetsa katundu nambala ija imagwa nthawi yomweyo. N'chifukwa chake amayeza kawiri, lili lokha ndiponso zonse zitayatsidwa. Zipangizo zambiri zoterezi moto ukatsikira cha ku 10 volts zimadzithimitsa. Ndipotu batire la galimoto linapangidwira kutulutsa mphamvu yambiri kwa kamphindi poliza injini, kenako n'kudzazidwanso pompo. Kulikama usiku wonse mpaka kuuma, tsiku ndi tsiku, n'kulipha msanga. Ntchito imeneyo ndi ya batire la deep cycle, longa la sola.

Ukatha pamenepo umayezanso kumapeto kwa chingwe, polowera m'kanema, zinthu zili chiyakire. Ngati pa batire pali 12.4 koma kumapetoko pakufika 11, moto ukutayika panjira. Waya wowonda ndi wautali amadya gawo lake. Mfundo zopota ndi zala zimadya lina, makamaka m'boti, momwe chinyezi sichitha: ukamasula jumbo uja umapeza mkuwa wada kapena wabiriwira, ndipo pamitu ya batire pamera ufa woyera. Zonsezi mankhwala ake ndi otchipa. Kupala mitu ya batire mpaka iwale, kumanga ndi nati m'malo mwa zopanira zija zogwedera boti likamawomba mafunde a mwera, kudula waya wodwala n'kuika wonenepa wosalumikiza, kupaka girisi pang'ono, ndi kupatsa kanema chingwe chakechake chochokera pa batire, osati kumudyetsa mbale imodzi ndi nyali.

Palibe anachita zimenezi. Safunsa anadya phula.

Usiku wina jumbo anasomphoka, mawaya awiri n'kukhudzana, fyuzi n'kupsa. Kanema anada bii. Mlamu atatsegula kachibotolo ka fyuzi anaona kawaya ka m'kati kataduka, n'kuimba foni.

"Imeneyo si nkhani," anatero bwana. "Kulungani ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Pikapu yanga yayenda choncho zaka zingati?"

Apa m'pamene panagona tsoka. Fyuzi ikapsa ndiye kuti yagwira ntchito yake: yafa kuti chipangizo ndi chingwe zitsale. Imakhala ikunena kuti penapake pali vuto, ndipo wanzeru amayamba wasaka vutolo asanaike ina, ya nambala yomweyo, pafupi ndi batire. Kapepala ka ndudu sikadziwa 3 amps. Batire ngakhale lotopa, mawaya ake akagundana, limatha kukankha moto wokwanira kufiiritsa waya m'kanthawi kochepa.

Mlamu anakonzako mfundo ija, nakulunga fyuzi monga anauzidwira, ndipo kanema anayakadi. Bwana anadzitama pa grosale kuti wakonza boti ali ku Malomo.

Patapita masiku, batire linachedwa kubwera kotchajitsa. Linafika kutada, maboti ena atapita kale, popeza usipa umafuna mdima ndipo mwezi sudikira munthu. Mnyamata wina, mothamanga ndi kuunika kwa foni, anapana waya wofiira ku mutu wa wakuda, wakuda ku mutu wa wofiira. Pamitupo zizindikiro zinali zitakwiririka ndi ufa uja. Fyuzi yeniyeni ikanatha kungoti phu, nkhani n'kuthera pomwepo. M'malo mwake kanema ananunkha chiwaule, waya wa masipika uja anayamba kufuka utsi m'litali mwake monse, ndipo unkadutsa m'mbali mwa chigubu cha petulo. Mnyamatayo anaugwira ndi dzanja n'kuuzula. Boti linapulumuka, chikhatho chake chinatsala ndi mzere wa bala.

Wokonza zamagetsi pa boma la Nkhotakota atatsegula kanemayo anapeza m'kati mwapserera, ndipo anati zida zake sangazipeze. Atayeza batire anapukusa mutu: likangosenza nyali linkagwa pansi pa 11. Anafunsa kuti chipangizocho chinkatani chisanapse, ndipo atamva anati chinalibe vuto lililonse.

Bwana anatsika ndi matola kudzera m'nkhalango ya Nkhotakota kudzalipira za kuchipatala. Iye ndi mlamu wake anakambirana nthawi yaitali kuseri kwa thandala loyanikira usipa, ndipo mpaka lero sagwirizana kuti wolakwa ndani. Mnyamata uja bala litapola anakalowa ntchito m'boti la munthu wina.