Malangizo a kalembedwe ka adiresi pa mapu a OpenStreetMap

Mapu a OpenStreetMap, amene Steve Coast anayambitsa ku Britain mu 2004, amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka. Nyumba zambiri zimajambulidwa poona zithunzi za m'mlengalenga, koma chithunzi chotero sichionetsa nambala ya pageti. Nambalayo angailembe ndi munthu wokhala komweko, ndipo ikalembedwa bwino, woyendetsa ambulansi sasochera.

1. Kadzionereni nokha. Lembani zimene zili pageti, pakhoma kapena pachikwangwani cha msewu. Pulogalamu ya pafoni ngati StreetComplete kapena Every Door ikuthandizani kulemba muli chiimire pomwepo. Musakopere pa Google Maps: malamulo a umwini salola, ndipo zokopera zimafufutidwa.

2. Ikani adiresi pa nyumba yeniyeniyo, osati pamsewu. Ngati m'nyumba imodzi muli mashopu angapo, iliyonse ikhale ndi kadontho kake pamapu.

3. Chilichonse chikhale pamalo pake. Nambala yokha ilowe pa addr:housenumber, dzina la msewu pa addr:street, mzinda pa addr:city. Mukazipanikiza pamodzi, kompyuta siitha kuzisiyanitsa.

4. Dzina la msewu lilembedwe lonse, mofanana ndi mmene lalembedwera pa msewuwo m'mapu. Lembani Victoria Avenue, osati Victoria Ave.

5. Pamene misewu ilibe mayina, musapeke dzina. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. M'madera ambiri a Lilongwe nyumba zimadziwika ndi dera komanso nambala ya puloti, monga ku Area 47. Zikatero lembani deralo pa addr:place, ndipo pa addr:street pasakhale kanthu; ziwirizi siziyendera limodzi. Kumudzinso n'chimodzimodzi: dzina la mudzi lilowe pa addr:place.

6. Chenjerani ndi manambala osocheretsa. Nambala ya mita ya magetsi, kapena imene a kalembera analemba ndi choko pachitseko, si nambala ya nyumba. Nalonso bokosi la ku positi ofesi siliuza munthu pamene nyumba ili.

7. Musalembe dzina la mwini nyumba kapena nambala yake ya foni. Mapuwa amaonedwa ndi dziko lonse.

8. Posunga ntchito yanu, fotokozani mwachidule zimene mwasintha ndiponso kuti munafika pamalopo. Mnzanu akafunsa, muyankheni. Mutu umodzi susenza denga.

Ngati simukutsimikiza nambala, siyani malowo opanda kanthu. Malo osalembedwa wina adzawaona n'kuwadzaza, koma nambala yolakwika anthu amaikhulupirira, ndipo imawatumiza kukhomo lina.