Kafufuzidwe ka Mbiri ya Oyendetsa Ndege Zankhondo a ku Germany

Munthu amene wamva kuti Erich Hartmann adagwetsa ndege 352 pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, kuti Gerhard Barkhorn adagwetsa 301, ndi kuti Günther Rall adafika pa 275, pamene akatswiri a Angerezi ndi a ku America sadafike ngakhale pa 50, amayamba wazizwa, pambuyo pake nakayika. Ndipo kukayikako nkwabwino, pakuti ndiko kumamtuma kukafunsa. Malangizo awa ndalembera inu amene mufuna kutsata woyendetsa ndege mmodzi mpaka mutadziwa zimene adachitadi ndi kumene adathera.

Yambani ndi kumdziwa munthuyo bwinobwino: dzina lake lonse, tsiku ndi malo obadwira, udindo wake, ndi gulu limene adali. Maina onga Müller ndi Schmidt adali ambirimbiri mu Luftwaffe, gulu la ndege zankhondo la Germany, ndipo wofufuza wopupuluma amasenzetsa munthu mmodzi ntchito za anthu awiri. Mukaona kuti palembedwa 9./JG 52, dziwani kuti JG 52 ndilo gulu lalikulu, ndipo 9 ndi kagulu ka ndege ngati khumi ndi ziwiri m'kati mwake.

Mukatero, phunzirani m'mene chigonjetso chinkavomerezedwera, chifukwa apa ndipo pagona nkhani yonse. Woyendetsa akatera pansi ankalemba chikalata chotchedwa Abschussmeldung, m'mene ankatchula tsiku, ola, malo ndi mtundu wa ndege imene wawombera; mnzake amene adaona, kaya ali m'mlengalenga kaya ali pansi, ankalembanso umboni wake; ndipo mapepala onsewa, mkulu wa gulu atasainira, ankapita ku likulu kumene akuluakulu ankavomereza kapena kukana, nthawi zina patapita chaka. Ndege imodzi inkapatsidwa kwa munthu mmodzi, osagawana monga ankachitira Angerezi ndi a ku America. Dongosololi lidali lokhwima papepala, komatu chakumapeto kwa 1944, nkhondo itawatembenukira, lidagwedezeka nkuleka kuyenda, kotero kuti zigonjetso za miyezi yotsiriza zidangotsala mawu a eni ake ndi a magulu awo. Zimene zidapulumuka, pakuti zikalata zambiri za Luftwaffe zidawonongedwa mu 1945, zikusungidwa ku Bundesarchiv mu mzinda wa Freiburg, ndipo Jochen Prien ndi anzake adazisonkhanitsa m'mabuku a mbiri ya magulu.

Tsono pano imani, mudekhe, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Chikalata chija, ngakhale chidindidwe ndi akuluakulu onse a ku Berlin, ndi mawu a mbali imodzi ya mlandu, ndipo palibe mfumu yanzeru imene imagamula isanamve winayo. Mnyamata amene akuuluka pa liwiro la makilomita mazana asanu pa ola, mantha ali pakhosi, mdani ali kumbuyo, akaona utsi ndi ndege ikutsika, amakhulupirira ndi mtima wonse kuti yagwa, pamene mwina yangothawira pansi nikafika kwawo. Ndipo kawirikawiri anthu awiri ankawombera ndege imodzimodzi, yense naiyesa yake. Ichi sichidali chilema cha Ajeremani okha: pa 15 September 1940 Angerezi adalengeza kuti agwetsa ndege 185, koma zolembedwa za Ajeremani zidasonyeza pambuyo pake kuti zidali ngati 60 chabe. Abodza enieni adalipo ndithu, monga kagulu kena ka JG 27 kamene mu August 1942 kadapezedwa kakuthira zipolopolo mumchenga wa m'chipululu nkumalembetsa zigonjetso, koma olakwitsa moona mtima ndiwo adachuluka.

Chifukwa chake ntchito yotsatira, imene ili yaikulu koposa zonse, ndiyo kukafunsa mbali inayo. Ngati nkhondoyo idali ndi Angerezi, mabuku a tsiku ndi tsiku a magulu a RAF ali ku National Archives ku Kew, mu mndandanda wa AIR 27. Ngati idali ndi a ku America, funani Missing Air Crew Reports, m'mene mumalembedwa ndege yosowa ndi maina a anthu ake. Za ku Russia zili ku Podolsk, ndipo zambiri tsopano zikuwerengeka pa intaneti pa tsamba la Pamyat Naroda. Jambulani mizere papepala, kumanzere chimene Mjeremani adanena, kumanja chimene adani ake adataya, ndipo muyerekeze tsiku, ola, malo ndi mtundu wa ndege. Chenjerani ndi ola, popeza mawotchi a mbali ziwirizi nthawi zina ankasiyana. Chenjeraninso ndi mtundu, pakuti ndege zambiri za Hurricane zidalembedwa kuti Spitfire. Ndipo musayerekeze munthu wanu yekha: werengani onse amene adanena kuti agwetsa ndege pamalopo tsikulo, kuphatikizapo Ataliyana ndi oomba mizinga ya pansi, chifukwa ndege zitatu zotayika sizingakwanire anthu asanu ndi awiri.

Chitsanzo chophunzirirapo ndi Hans-Joachim Marseille wa JG 27, amene adalembedwa zigonjetso 158, zambiri mwa izo m'chipululu cha Libya ndi Egypt, ndipo pa 1 September 1942 adanena kuti wagwetsa ndege 17 tsiku limodzi. Olemba mbiri akhala akulimbana nalo tsikuli kwa zaka makumi ambiri, kuyambira pamene Christopher Shores ndi Hans Ring adaika zolembedwa za mbali zonse pamodzi m'buku lawo la 1969. Ambiri mwa amene adagwa m'manja mwake adali anyamata a ku South Africa oyendetsa ndege za P-40. Ndipo ine ndikupemphani kuti pamene mwapeza ndege imene idagwadi, mulembe ndi dzina la mwini wake lomwe, pakuti nayenso adali mwana wa munthu, ndipo nkhondo imene Marseille ankamenya, ngakhale luso lake likhale lotani, idali ya ufumu wankhanza wa Hitler.

Chatsala ndi mathero a munthuyo. Kaundula wa ofa, ovulala ndi osowa adali ku ofesi yotchedwa WASt ku Berlin, imene kuyambira 2019 ili m'manja mwa Bundesarchiv; alembereni kalata yotchula dzina ndi tsiku lobadwa, ndipo muyembekeze moleza mtima. Malipoti a ndege zowonongeka alipo a zaka zambiri, koma a 1944 ambiri adatayika. Za manda funsani bungwe la Volksbund pafupi ndi Kassel, limene limasamala manda a asilikali a Germany ndipo lili ndi kaundula pa intaneti. Ambiri amene adagwera ku Britain adasonkhanitsidwa ku Cannock Chase. Za ogwidwa ndi osowa, a Red Cross a ku Germany ali ndi nthambi yofufuza ku Munich.

Mudzapeza kuti mathero ambiri sagwirizana ndi kutchuka kwa eni ake. Marseille sadaphedwe ndi mdani: pa 30 September 1942 injini yake idafuka utsi, ndipo podumpha adagunda mchira wa ndege yake yomwe. Werner Mölders, woyamba kufika pa 100, adafa mu November 1941 ali wokwera chabe, pa ngozi ya ku Breslau, akupita ku maliro a Ernst Udet. Helmut Wick adagwera m'nyanja pafupi ndi Isle of Wight pa 28 November 1940, ndipo sadapezekenso. Hartmann adadzipereka kwa a ku America mu May 1945, iwo nampereka kwa a ku Russia, amene adamsunga zaka khumi mpaka 1955.

Polemba zimene mwapeza, gawani zigonjetso patatu: zimene mbali zonse ziwiri zikuvomereza, zimene zingakhale zoona koma ena akuzilimbiranso, ndi zimene mulibe ndege yotayika yozichitira umboni, ndipo pambali pa chilichonse tchulani chikalata chimene mwatengamo, kuti wodza pambuyo panu akathe kuchitsegula yekha.