Phunziro la Chitukuko: Kugwiritsa Ntchito ndi Kusamala Makina Otsegula Mapaipi Otsekeka

Mvula yoyamba ikagwa m'mwezi wa Novembala, misika ya Mitundu ndi Nathenje imaulula zimene chilimwe chinabisa. Majumbo, makoko a nzimbe, zitsononkho ndi mchenga zimakokoloka n'kukaunjikana m'ngalande. Mapaipi ochotsa madzi oipa m'zimbudzi zamadzi, m'malesitilanti, m'nyumba zogona alendo ndi m'sukulu nawo amatsekeka, ndipo zonyansa zimabwerera kumtunda kumene ana amasewera ndi kumene amayi amayala tomato. Anthu a m'boma la Lilongwe akudziwa mtengo wa uve wotere. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri.

N'chifukwa chake makomiti a misika, a sukulu ndi eni nyumba amaitana mapulambala okhala ndi makina otsegula mapaipi. Makinawa amatha ntchito ya tsiku lonse m'kanthawi kochepa, koma amathanso kuthyola dzanja m'kuphethira kwa diso. Phunziro ili ndi la wogwira makinawo, komanso la komiti imene yamulemba ntchito.

Mmene makinawa amagwirira ntchito

Makinawa ali ndi mota, chigubu, ndi chingwe chachitsulo chopotedwa ngati sipuling'i chimene chimakulungidwa m'chigubumo. Kunsonga kwa chingwe kumamangidwa kampeni. Mota ikazunguza chigubu, chingwe chimazungulira n'kumaloŵa m'paipi, ndipo kampeniko kamadula mizu, nsanza ndi mafuta oundana. Ntchito yake ndi ya m'mapaipi otsekedwa basi. Ngalande zapamtunda za m'mbali mwa msewu wa M1 ku Nathenje zimafuna fosholo, khasu ndi wilibala.

Ngozi yaikulu imabwera kampeni kakakodwa. Nsonga imaima, koma mota imapitiriza kupota. Mphamvu yonse imasonkhana m'chingwe, mpaka mbali imene ili panja pa paipi imadzipinda mwadzidzidzi n'kukulunga chilichonse chimene chili pafupi: chala, mkono kapena mkanjo wa malaya.

Asanayatse

Wogwira ntchito ayambe wafunsa ngati wina anathira kale mankhwala m'paipimo. Soda wa kositiki, amene ena amathira poyesa kusungunula zotsekazo, amatsalira m'madzi ndipo akathovukira m'maso amachititsa khungu. Akale anati safunsa anadya phula.

Kenaka aone chingwe chonse. Chopindika, chadzimbiri kapena chimene chayamba kuthetheka chisaloŵe m'paipi, pakuti chikadukira m'kati pafunika kukumba ndi kuswa simenti. Aonenso waya wamagetsi. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, okwanira kupha munthu amene waima m'madzi. Waya wong'ambika, wolumikiza ndi mapepala a pulasitiki, kapena wosomeka m'soketi popanda pulagi ndi woletsedwa. Pulagi ikhale ya mano atatu kuti waya wa ethi ugwire ntchito, ndipo polumikizira pakhale pamalo ouma, pokwera. Kumene kukugwiritsidwa ntchito jenereta, iikidwe panja, kutali ndi mazenera, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha ndiponso suoneka.

Zovala zoyenera ndi ovolosi yothina m'mikono, nsapato za jombo, magalasi oteteza maso ndi magolovesi achikopa. Magolovesi a nsalu kapena a labala okha amagwidwa msanga ndi mipata ya chingwe. Wofuna kudziteteza ku zonyansa avale a labala opyapyala m'kati, achikopa pamwamba. Chitenje, mpango wolendewera ndi mphete zisayandikire.

Pogwira ntchito

Makina aikidwe pafupi ndi pakamwa pa paipi, osapitirira mita imodzi, kuti chingwe chapanja chikhale chachifupi. Munthu mmodzi yekha ndiye agwire chingwe ndi kuponda swichi ya kuphazi. Akakhala aŵiri, wina pachingwe wina paswichi, wovulala amakuwa mnzake asanadziwe kuti achotse phazi. Wothandiza akhale chapatali, ntchito yake ikhale kuthamangitsa ana ndi anthu oonerera.

Ndi bwino kuyamba ndi kampeni kakang'ono kuti madzi apeze njira, kenaka n'kubwereza ndi kokulirapo. Chingwe chiloŵetsedwe pang'onopang'ono. Kulira kwa mota kukasintha, kapena chingwe chikayamba kuuma m'manja, ndiye kuti nsonga yakodwa. Apo phazi lichoke paswichi, chigubu chiime chokha, ndipo chingwe chisasiyidwe mpaka mphamvu yake itatha. Giya yobwerera m'mbuyo ndi yomasulira nsonga yokodwa kwa kanthawi kochepa, si yogwirira ntchito. Kukankha mwaukali sikutsegula paipi; kuona maso a nkhono n'kudekha. Posintha kampeni, pulagi izulidwe kaye.

Lamulo limodzi lilibe pokambirana: munthu asaloŵe m'dzenje la zonyansa kapena m'thanki ya chimbudzi. M'menemo mumakhala mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, umene ukachuluka umapha mphamvu ya mphuno, munthu n'kuganiza kuti watha, kenaka n'kukomoka. Kaŵirikaŵiri wotsikira kukapulumutsa mnzake naye amatsalira komweko. Chivundikiro chikatsegulidwa, dzenje lipatsidwe nthawi yopuma, ndipo fodya kapena moto zisafike pafupi.

Ntchito ikatha

Chingwe chitsukidwe pamene chikutuluka, ndipo madzi otsukirawo abwerere m'paipi momwemo, osati pabwalo kapena pafupi ndi mjigo. Zinyalala zotulukamo zikwiriridwe m'dzenje. Zipangizo ndi malo ogwirira ntchito zitsukidwe ndi madzi a klorini, ndipo alangizi a zaumoyo a pachipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje angathandize pa kasakanizidwe kake. Popeza klorini amadya chitsulo, chingwe chitsukuluzidwe ndi madzi oyera, chiume, kenaka chipakidwe oyilo. Madzi otsalira m'chigubu akhuthulidwe, lamba wa mota aonedwe, ndipo makina asungidwe m'chipinda chouma chokhoma. Wogwira ntchito asambe ndi sopo asanakhudze chakudya, ndipo zovala zantchito zichapidwe pazokha. Bala lililonse, ngakhale laling'ono, litsukidwe msanga ndi kukaonetsedwa kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Woyamba kutsegula m'mimba athamangire kuchipatala akumwa thanzi ORS.

Udindo wa komiti

Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la chaka cha 1997 limapereka kwa wolemba ntchito udindo woteteza amene wamulemba. Choncho komiti ya msika kapena ya sukulu isalole ntchito kuyamba ngati pulambala wafika wopanda zodzitetezera, ndipo isatume mnyamata waganyu amene sanaphunzitsidwe. Makomiti a VDC ndi ADC akonze zoyendera mapaipi ndi ngalande mu Okutobala, mvula isanayambe, ndi kukumbutsa anthu kuti matewera, nsanza, zitsononkho ndi mafuta ophikira malo ake ndi kudzala, osati m'paipi.