Script ikakana mu R, ifunseni kumene yadzukira

Achinyamata amene mwayamba ntchito ya deta kuno ku Dedza, kaya ndi ziwerengero za kuchipatala zopita mu DHIS2, kaya ndi kafukufuku wa m'midzi ya ku Mphunzi, vuto ili likudikirani. Mwalemba script ya bash, pa terminal ikuyenda bwinobwino, koma mukaiitana kuchokera mu R kapena Stata ikungokana. Chonde musathamangire kuilembanso. Kawirikawiri script imakhala ilibe mlandu. Ili ngati mlendo amene wagona pakhomo pa eni: kulima amadziwa, koma sakudziwa pomwe pamakhala khasu.

Choyamba ipatseni pakamwa. Pamwamba pake ikani set -x, kenaka pwd ndi echo $PATH, ndipo poiitana muonjezere 2>&1 kuti madandaulo ake muwaone. Mukafananiza ndi zimene terminal ikuonetsa, mudzapeza kuti foda ndi ina, PATH ndi yaifupi. RStudio yotsegulidwa pa desktop siwerenga .bashrc yanu, ndiye pulogalamu imene inu mumaitchula dzina lokha, iyo siyiona. Lembani njira yonse, kuyambira pa /usr kapena /home.

Yang'ananinso nambala imene script yabweza. 127 ikutanthauza kuti lamulo silinapezeke. Kwa ife a kuno nambalayi siyovuta kuikumbukira, chifukwa malo a zojambula pamiyala a Chongoni, amene UNESCO inawazindikira mu 2006, aliponso 127, ena mwa iwo pa phiri la Mphunzi pomwepa. 126 ndiye kuti fayilo ilipo koma ilibe chilolezo choyenda. Izi zimachitika kwambiri poti timanyamulirana ntchito pa flash, ndipo flash ya FAT32 sisunga chilolezocho. Mankhwala ake ndi chmod +x mukaikopera pa kompyuta.

Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi ichi: system() ya R imadzera pa /bin/sh, ndipo pa Ubuntu sh ameneyu ndi dash, osati bash. Mwana wa eni amakhala mpaka usiku, batire ya laputopu ikutha magetsi atazima, akulimbana ndi [[ ]] kapena source zomwe zili zolondola, koma dash sazidziwa. Mzere woyamba ukhale #!/bin/bash, ndipo musaiitane ndi sh. Ngati fayiloyo inalembedwa pa Windows, kumapeto kwa mzere uliwonse kumabisala ^M, imene pulogalamu ya dos2unix imachotsa.

Mayina a mafoda okhala ndi mpata, monga Lipoti la Mphunzi, shell imawadula pa mpata uliwonse. Akutireni ndi shQuote() ya R.

Nthawi zina palibe uthenga uliwonse, R yangoti zii. Pamenepo script ikudikira password kapena yankho la inde ndi ayi, pomwe mulibe poyankhira. Chotsani funsolo mu script, kapena gwiritsani ntchito kiyi ya ssh, musanaiitanenso.