Phunziro: Za Costa Rica, Dziko Lopanda Asilikali

Phunziro la mwezi uno litifikitsa kutali, kutsidya kwa nyanja yamchere, ku dziko laling'ono lotchedwa Costa Rica. Dzikoli lili pa kamtunda kopapatiza kolumikiza America wakumpoto ndi America wakummwera. Kumpoto lichita malire ndi Nicaragua, kummwera ndi Panama. Kumadzulo kuli nyanja ya Pacific, kum'mawa ya Caribbean. Kukula kwake sikufika ngakhale pa theka la Malawi, ndipo anthu ake angopitirira 5 miliyoni. Alankhula Chisipanishi, nalima khofi, nthochi ndi chinanazi, ndipo mzinda wao waukulu ndiwo San José.

Mbiri ya dzikoli yamveka ponseponse chifukwa cha chinthu chimodzi: chiyambire chaka cha 1948 lilibe gulu la nkhondo. Tsono wanzeru afunsa kuti, Nanga akakangana za ufumu, awalanditsa ndani? Funso limeneli ndilo tifuna kuliyankha.

1. Chisankho chimene chinabala nkhondo

Costa Rica anachoka m'manja mwa Spain mu 1821, ndipo mu 1869 analamula kuti ana onse apite ku sukulu ya pulaimale, osalipira kanthu. Chotero anthu ake anazolowera kale kuwerenga ndi kusankha atsogoleri. Koma zisankho zao sizinali zoyera nthawi zonse, pakuti olamula anali ndi dzanja pa kawerengedwe ka mavoti.

Mu 1940 anasankha dokotala wina, Rafael Ángel Calderón Guardia, akhale pulezidenti. Iyeyu anakhazika thumba la boma lolipirira odwala mu 1941, ndi malamulo oteteza antchito mu 1943. Osauka ambiri anamkonda. Koma ena anadandaula kuti a chipani chake anaba mavoti pa chisankho cha 1944, m'mene mnzake Teodoro Picado analowa m'malo mwake.

Pa 8 Febuluwale 1948 Calderón anaimanso, napikisana ndi Otilio Ulate, mwini nyuzipepala. Owerenga mavoti anati wapambana ndi Ulate. Koma Nyumba ya Malamulo, m'mene a Calderón anali ochuluka, inafafaniza chisankhocho pa 1 Malichi. Pamenepo mlimi wina, José Figueres Ferrer, anasonkhanitsa anthu kumapiri, natola zida. Nkhondo inatha masiku 44, ndipo kunenedwa kuti anafa anthu ngati 2,000. Taonani kuchuluka kwa maliro amene anadza chifukwa aphungu anaweruza mlandu umene iwo eni anali nao mbali.

2. Nyundo ya Figueres

Figueres anapambana. M'maiko ambiri wopambana nkhondo akhala pampando kufikira imfa, kapena kufikira wina amchotsa ndi mfuti. Koma iye anapangana ndi Ulate kuti alamule miyezi 18 yokha, nampatse mpandowo pambuyo pake. Ndipo anaterodi pa 8 Novembala 1949.

M'kati mwa miyezi imeneyo, pa 1 Disembala 1948, Figueres anaima m'linga la asilikali lotchedwa Bellavista mu San José, natenga nyundo, nakantha khoma pamaso pa anthu, nalengeza kuti gulu la nkhondo latha. Lingalo linasanduka nyumba yosungiramo zinthu zakale za mtundu wao. Ndipo malamulo aakulu a dziko, amene anakhazikidwa pa 7 Novembala 1949, anena m'gawo 12 kuti pasakhale gulu la nkhondo lokhazikika, koma apolisi okha osunga bata. Malamulo omwewo anapatsa akazi ufulu wakuvota.

Tisayese kuti zonse za masiku amenewo zinali zokoma. Ogonja ambiri anathawira kunja, ena anaikidwa m'ndende, ndi chipani cha Komyunisti chinaletsedwa kufikira 1975. Tikumbukirenso kuti ambiri a asilikali othetsedwawo anali adamenyera mbali yogonja, kotero kuti pochotsa gululo Figueres anadzitchinjirizanso yekha. Ngakhale kuli tero, chipatso chake chaoneka: m'zaka zimene asilikali analanda maboma a Guatemala, El Salvador, Honduras ndi Panama, mu Costa Rica munalibe kazembe woti nkulanda boma. Pamene anthu a zida analowa kuchokera ku Nicaragua mu 1955, bungwe la maiko a America linalowererapo, ndipo nkhondoyo inazima msanga.

3. Mitu itatu yosenza denga

Makolo anati, Mutu umodzi susenza denga. Olemba malamulo a 1949 anaopa munthu mmodzi wamphamvu zopambana, nagawa ulamuliro motere.

Woyamba ndiye pulezidenti, pamodzi ndi achiwiri ake awiri ndi nduna zake. Asankhidwa Lamulungu loyamba la Febuluwale, nalowa ntchito pa 8 Meyi, nalamula zaka 4. Ayenera kupeza mavoti oposa 40 mwa 100 aliwonse; akapanda kupezeka wotero, awiri otsogola apikisananso mu Epulo. Zaka zake zikatha atsika, ndipo sangaimenso zisanapite zaka 8. Chomwecho Óscar Arias, amene analamula kuyambira 1986 kufikira 1990, nalandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 1987, anabweranso pampando mu 2006.

Yachiwiri ndiyo Nyumba ya Malamulo, ya aphungu 57. Dziko ligawika m'zigawo 7, ndipo chigawo chilichonse chitumiza aphungu monga mwa kuchuluka kwa anthu ake. Anthu avotera chipani, ndipo mipando igawidwa monga mwa mavoti amene chipani chilichonse chapeza. Chotero ngakhale zipani zazing'ono zipeza mau m'Nyumbamo. Phungu akhala zaka 4, ndipo saloledwa kuimanso nthawi yomweyo. Ayamba wabwerera kwao.

Lachitatu ndilo Bwalo Lalikulu la milandu, la oweruza 22. Awasankha ndi aphungu, kwa zaka 8. Koma zikatha zakazo woweruza akhalabe pa ntchito yake, pokhapokha magawo awiri mwa magawo atatu a aphungu onse avomerezana kumchotsa. Lamulo ili lipatsa woweruza mtima wolimba, pakuti chipani chimodzi sichikhoza kumchotsa chifukwa chongoipidwa ndi chiweruzo chake. Mu 1989 anaonjezapo chipinda cha oweruza 7, chimene anthu achitcha Sala Cuarta, choyang'anira kuti malamulo aakulu asaponderezedwe. Munthu aliyense amene ayesa kuti boma lamlanda ufulu wake akhoza kulemba dandaulo lake kumeneko m'mau ake, wopanda loya ndi wopanda malipiro.

4. Owerenga mavoti

Tsono tafika pa mutu weniweni wa phunziro lathu. Popeza nkhondo ya 1948 inabuka pa mavoti, anthu a Costa Rica anachotsa ntchito yonse ya zisankho m'manja mwa pulezidenti ndi aphungu, naipereka ku bwalo lapadera lotchedwa Tribunal Supremo de Elecciones. Oweruza ake sasankhidwa ndi andale; awasankha ndi Bwalo Lalikulu, ndi mavoti a magawo awiri mwa atatu, kwa zaka 6. Masiku onse akhala atatu, koma pa nyengo ya chisankho cha pulezidenti akhala asanu.

Bwalo limeneli lisunga buku la obadwa ndi omwalira, lipereka chitupa kwa nzika iliyonse, lilemba maina a ovota, liwerenga mavoti, ndi kulengeza wopambana. Pa nyengo ya chisankho lili ndi mphamvu yolamula apolisi pa zonse zokhudza ufulu wa ovota. Likagamula za chisankho, palibe phungu kapena pulezidenti wokhoza kufafaniza mau ake. Mu 1975 analilemba m'malamulo kuti ulemu wake ndi ufulu wake zilingana ndi za mitu itatu ija.

Chiyeso chake chinadza mu 2006. Óscar Arias ndi Ottón Solís anasiyana ndi mavoti ngati 18,000 okha. Bwalolo linawerenganso mavoti onse ndi manja, pamaso pa mboni za zipani, kwa masabata angapo, ndi kumva madandaulo amene anaperekedwa. Potsiriza Solís anavomera kugonja. Mlandu wonga womwe unadzetsa maliro mu 1948 unatha tsopano ndi mapepala ndi kuleza mtima. Umu ndimo muli yankho la funso lathu lija: wogonja avomera kutsika pamene akhulupirira kuti wowerengayo sanamnyenge, ndi kuti patapita zaka 4 adzayesanso.

5. Pamene denga lidontha

Malamulo abwino satha zoipa zonse. Mu 2009 bwalo linapeza Rafael Ángel Calderón Fournier, mwana wa Calderón uja, amenenso anakhala pulezidenti kuyambira 1990 kufikira 1994, wolakwa pa mlandu wa ndalama za thumba la odwala limene atate wake analikhazika. Ndi chamanyazi kuti mtsogoleri anachita zotere. Komanso ndi umboni wakuti lamulo la kumeneko lifikira ndi akulu omwe.

Palinso zina. Malamulo anena kuti boma lipereke ku maphunziro ndalama zosachepera 8 mwa 100 za chuma chonse chimene dziko lipanga pa chaka, koma maboma akhala akulephera kufikapo. Ogulitsa mankhwala ozunguza bongo apitiriza katundu wao pa madoko a dzikolo, ndipo mu 2023 anthu oposa 900 anaphedwa mwachiwembu. Pa chisankho cha 2022, m'mene Rodrigo Chaves anagonjetsa mwana wa Figueres, anthu ngati 40 mwa 100 aliwonse sanapite kukavota. Ichi nchoopsa, pakuti mabwalo onse aja aima pa anthu wamba amene adzuka m'mawa nakaima pamzere. Iwo akatopa, otsalawo asankhira onse.

Mafunso okambirana

1. Chinalakwika nchiyani pamene aphungu anafafaniza chisankho cha 1948?
2. Chifukwa ninji oweruza a zisankho sasankhidwa ndi pulezidenti kapena aphungu?
3. Pali ubwino wanji, ndi kuipa kwanji, pa lamulo loletsa phungu kuimanso nthawi yomweyo?
4. M'mabungwe a kumudzi kwanu, posankha mkulu kapena msungichuma, awerenga manja ndani, ndipo anamuika ndani?