Galimoto ya Mpikisano wa Autocross: Ikonzeni Musanalowe M'bwalo Koyamba

Kwa madalaivala achinyamata a ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Aliyense wokhala m'mbali mwa Great East Road amawadziwa anyamata amene akangogwira makiyi phazi limawayabwa. Pa msewu umenewu pamadutsa njinga zonyamula anthu, ngolo, mbuzi, ana a sukulu ndi malole okhotera ku Chanida. Si poyesera liwiro ayi. Komatu kufuna kuyendetsa mwaluso si mlandu, ndipo kuli ndi bwalo lake. Zambia yabala akatswiri a African Rally Championship: Satwant Singh anatenga chikhochi maulendo 8, Muna Singh mu 2004 ndi 2005, Mohammed Essa mu 2012, Jassy Singh mu 2013. Kwa munthu wongoyamba kumene, khomo losaboola thumba ndi autocross.

Masewerawa amayenda bwanji

Bwalo limatsekedwa, njira amailemba ndi makoni kapena matayala akale. Wopikisana naye weniweni ndi wotchi: mumanyamuka nokha, mumazungulira njirayo, nthawi yanu amailemba. Ku America amachitira pa tala, ulendo umodzi umatha pafupifupi mphindi imodzi, ndipo koni iliyonse imene mwagwetsa amakuwonjezerani masekondi 2. Ku Britain ndi ku Kenya amachitira pa udzu kapena pa dothi. Kuno masewera a galimoto amayang'aniridwa ndi Zambia Motor Sport Association, ndipo makalabu ambiri ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Kuchokera ku Katete kukafika ku Lusaka ndi pafupifupi makilomita 500, choncho musanathire petulo funsani okonza mpikisano malamulo awo: mtundu wa chisoti chimene amalola, ziphaso zofunika kuwonjezera pa laisensi ya RTSA, ndiponso ngati galimoto iyenera kukhala ndi zitsulo zotchinga m'kati. Dziwaninso kuti inshuwalansi wamba nthawi zambiri salipira ngozi ya pa mpikisano. Ngati galimotoyo ndi ya atate anu kapena ya amalume, auzeni zimenezi poyera asanavomere.

Galimoto yake

Simufunika injini yolira ngati mkango. Corolla kapena Vitz yosamalidwa bwino imaphunzitsa zambiri kuposa galimoto yamphamvu, chifukwa ikalakwiridwa siithawa m'manja. Vuto ndi lakuti galimoto zathu zimagwira ntchito ya ng'ombe. Dzulo inanyamula matumba a mpendadzuwa, dzana inakwera mabampu a msewu wa ku Vubwi, ndipo zambiri zamasuka mwiniwake osadziwa.

Yambani ndi batire. Ambiri a ife timaimanga ndi legeni, ndipo pa ulendo wa kumsika imakhala phee. Pokhota mwamphamvu legeni imatamuka, batire imasuntha, mitu yake ikakhudza chitsulo moto umabuka. Imangeni ndi chitsulo chake ndi mabawuti. Oyendera galimoto pa mpikisano amaigwedeza ndi dzanja, ikasuntha amakubwezani.

Kenaka matayala. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza pamene linapangidwa: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2319, ndiye kuti ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala logula logwiritsidwa kale ntchito likhoza kukhala ndi mano okongola koma labala lake litauma, ndipo ming'alu yaing'ono m'mbali ndiyo imaulula. Lotupa pena pake ngati chithupsa lichotseni, musakambirane nalo. Kwezani galimoto pa jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni. Likamachita gwedegwede, bering'i kapena mfundo za m'munsi zatha. Manati onse akhalepo, omangidwa bwino.

Buleki muiponde injini itazima: ikhale yolimba, isamire pang'onopang'ono. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka 2. Oyilo afike pa mzere wa pamwamba, madzi a mu redieta akwane, pansi pasadonthe kanthu.

Chotsalira chimaoneka chaching'ono koma ndimachilimbikira kwambiri: tulutsani zonse. Jeke, sipanala, makapeti a pansi, zitsononkho za chimanga zimene zinabisala pansi pa mpando. Botolo la madzi limene lakhala kumbuyo miyezi itatu, mukamanga buleki mwadzidzidzi limagubuduka mpaka kutsogolo, n'kukalowa pansi pa buleki penipeni. Mumaponda, phazi osatsika.

Dalaivala wake

Sendezani mpando mpaka mutatambasula mkono, mapewa ali chigonere pa mpando, mfundo ya dzanja ifike pamwamba pa chiwongolero. Mukaponda kilachi mpaka pansi bondo likhalebe lopindika pang'ono. Manja onse awiri agwire m'mbali, ngati pa 9 ndi pa 3 pa wotchi. Chizolowezi cha dzanja limodzi pa giya, chigongono pa windo, chisiyeni kunyumba. Valani nsapato zotseka za pansi popyapyala, osati patapata kapena majombo a kumunda. Chisoti chimene chinagwapo kale pa ngozi musachikhulupirire, ngakhale kunja chikuoneka chabwino, chifukwa chophwanyika chimakhala cham'kati.

Fikani m'mamawa. Mpikisano usanayambe amalola kuyenda pansi m'njiramo, ndipo apa ndi pamene ongoyamba ambiri amadzimana, amakhala akucheza pa mthunzi. Yendani kawiri kapena katatu, mukudutsa pamene mpando wanu udzadutse. Onani pamene pali mchenga, pamene dothi lalimba, pamene njira yapanikizika. Mukatha tsinzinani, muiyende m'mutu. Munthu akakhala m'galimoto makoni amangooneka ngati nkhalango, ndipo wosochera njira nthawi yake sawerenga. Pemphani dalaivala wakale ayende nanu. Kufunsa ndi kudziwa njira.

Ulendo woyamba

Cholinga chake ndi kumaliza osasochera, basi. Mukalowa giya yachiwiri, nthawi zambiri njira yonse imathera momwemo. Maso asakhale pa koni imene muli nayo pafupi, iyo yapita kale. Akhale pa mpata wa pakati pa makoni wachiwiri kapena wachitatu kutsogolo, pakuti manja amatsata kumene maso apita. Buleki pondani galimoto idakali yowongoka, kenaka khotani, ndipo mafuta muwonjezere pang'onopang'ono pamene mukuwongola.

Galimoto zokoka ndi matayala a kutsogolo, monga Corolla ndi Vitz zambiri, zili ndi khalidwe limodzi loti mulidziwiretu. Mukalowa pokhota ndi liwiro lalikulu, mumapotoza chiwongolero koma mphuno imangopita kutsogolo, matayala akukhulula pansi. Mtima umati potozanso. Musatero: chotsani phazi pa mafuta, bwezani chiwongolero pang'ono, matayala agwirenso pansi. Galimoto ikazungulira, pondani buleki ndi kilachi pamodzi, imani, yang'anani wogwira mbendera. Ikakwezedwa yofiira, imani pomwepo.

Kuyeserera kwathu kuno

Ngati mukufuna kuzolowetsa maso ndi manja musanapite, pemphani bwalo kwa a nyakwawa kapena kwa eni malo. Ikani mabotolo apulasitiki a madzi mu mzere, otalikirana masitepe 20, muziluka pakati pake ndi giya yoyamba, popanda wotchi, popanda wopikisana naye. Anthu awiri aime kunja kwa bwalo kuletsa ana ndi ziweto, ndipo mwana mmodzi akangolowa, zimitsani injini. Pa tsiku la mpikisano nyamulani madzi akumwa okwanira, chipewa cha dzuwa, geji yoyezera mpweya ndi kabuku. Mukamaliza ulendo uliwonse lembani nthawi yanu, mpweya wa m'matayala, ndi malo amodzi amene munalakwitsa.